Sikelo ya pa Mkuyu ndi Njira Ziwiri za Ngolo

Lachinayi, 13 Ogasiti 1981

Linali Lachinayi pa 13 Ogasiti 1981, cha m'ma 8 koloko m'mawa, pamene ndinaima pamphambano ya kuseri kwa mudzi wa kwa amuna anga, sikelo yoyezera ana ili pamutu, khanda lili pachifuwa, ndikusowa kolowera. Njira ya kumanja inkapita ku chisakasa chimene apongozi anga aamuna, a Sakala, anamangitsa pabwalo lawo. Ya kumanzere inkatsikira pa Mkuyu, pomwe tinkayezera ana mwezi ndi mwezi. Ndikanapita ku chisakasa, ntchito yanga ikanathera pomwepo. Kupita pa Mkuyu kunali kunyoza apongozi pamaso pa anthu, ine mtengwa wamba wodya za pamudzi pawo. Iwe Esinati, khanda lija unali iwe. Mwakhala mukundifunsa, ana anga, chifukwa chimene agogo anu ankakutchula iwe kuti mwana wa boma. Kuti mumve bwino, ndiyambire pamene ndinayambira ntchito.

1975, ku Katete

Ndinayamba ntchito ndili ndi mwana mmodzi, mkulu wanu Yohane, akuyamwabe. Pa chipatala chaching'ono cha khonsolo ku Katete pankafunika munthu wosesa ndi kuchapa, ndipo mayi wina wa kutchalitchi kwathu ananditengerako. Sukulu ndinalekeza Giredi 4, koma manambala ndinkawadziwa. Bwana wanga woyamba anali Sisita Lungu, nesi wa ku Petauke, wamfupi, wa mawu omveka mpaka kumsewu. Tsiku loyamba anandifunsa mafunso angapo, ine ndikungoyang'ana zala za kumapazi.

"Kodi pakamwa munasiya kumudzi?" anatero. "Chabwino. Olankhula ndili nawo ambiri, osesa ndi amene ndikusowa. Tsache ilo."

Manyazi anga anali otere kuyambira ndili mwana. Munthu akandiyang'ana m'maso, mawu ankathawira m'mimba. Koma Sisita anaona kuti ana sankalira ndikawanyamula, ndiye anayamba kundiitana pa tsiku la sikelo. Anandiphunzitsa kuveka mwana kabudula wa zingwe, kumupachika pa ngowe, kudikira muvi uleke kunjenjemera, kenako kutchula makilo. Kutchulako ndi kumene kunkandivuta. "Mokweza, Naphiri! Ine si mzimu kuti ndimve za mumtima mwanu." Pang'onopang'ono ndinazolowera kukweza mawu potchula manambala, ngakhale pa zina zonse ndinakhalabe chimodzimodzi.

Zaka zimenezo zinthu zinayamba kusowa. Sopo ankati akafika m'sitolo, mzere wake unkazungulira nyumba. Tinkachapa matewera ndi phulusa. Firiji yosungira katemera inkayendera palafini, ndipo palafini akachepa, Sisita ankakatenga wa m'nyali ya kunyumba kwake, ana ake n'kumagona ndi mdima. Makabudula a sikelo atang'ambika onse, a Yusufu, telala wa Chisilamu amene ankasoka pakhonde la sitolo ina, anatisokera ena a matumba a ufa. Ana a m'boma lonse anayezedwa atavala zilembo za chigayo pamatako.

1978, pa Mkuyu

Bambo anu atapita ku migodi, ine ndinasamukira kwawo, kumidzi ya cha ku Sinda. Ndinkaganiza kuti ntchito yatha, koma Sisita anali ndi maganizo ena. Pafupi ndi mudzi wathu panali mkuyu waukulu pomwe galimoto ya chipatala inkaima Lachinayi lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo pankafunika munthu wokhala komweko. Sisita anakandilankhulira ku khonsolo, ndipo anandipatsa sikelo kuti ndizisunga kunyumba. Ntchito yanga inali kusesa pansi pa mtengo, kutunga ndi kuwiritsa madzi, kukumbutsa amayi m'midzi za tsiku, kuyeza ana, ndi kuphika phala la nsinjiro loonetsa amayi a ana onyentchera. Masiku ena onse ndinkayendera ana amene makilo awo ankatsika. Malipiro anali ochepa, koma ndi amene ankatigulira mchere ndi yunifolomu ya Yohane, pakuti za ku migodi zinkabwera mwezi uno, miyezi ina osabwera.

Amayi ankachokera mbali zonse ziwiri za mtengo, midzi ya kumadzulo komwe kunali kwathu, ndi midzi ya kummawa. Midzi yonseyi inali wadi imodzi, ndipo khansala wake anali apongozi anga, a Sakala. Sanali munthu woipa. Anali wamtali, wokonda jekete ngakhale mu Okutobala, ndipo pamsonkhano uliwonse ankakumbutsa anthu kuti sikelo ya pa Mkuyu anaibweretsa ndi iwo. Ine ndi iwo sitinkalankhulana, monga mwa mwambo wa upongozi. Tikakumana panjira, ndinkapatukira kutchire n'kugwada. Akakhala ndi mawu kwa ine, ankauza akazi awo, aNatembo, ngakhale ine ndili pomwepo kuseri kwa nkhokwe ndikumva zonse. Inenso ndinkayankha kudzera mwa aNatembo. Kwa munthu wamanyazi ngati ine, mwambo umenewu unali ngati bulangete.

1981, malire

Chaka chimenecho kunamveka kuti wadi yathu yakula kwambiri ndipo aidula pawiri. Midzi ya kummawa idzakhala ndi wadi yake, ndipo aliyense ankadziwa kuti khansala wa kumeneko adzakhala a Mbewe, mlimi wa thonje amene anali tcheyamani wa nthambi ya chipani. Kudulako anthu sanakane. Chimene chinavuta n'chakuti a ku boma anati malire adzatsata njira ya ngolo yodutsa pa Mkuyu. Iwo anaona njirayo pa mapu. Sanadziwe kuti njira ya ngolo imayenda.

Inu munakulira m'tauni, ndiye ndifotokoze. Njira ya ngolo siipangidwa ndi munthu, imapangidwa ndi ng'ombe pothawa matope. Kale njirayo inkadutsa kumadzulo kwa mtengo, ndipo ndi imene inali pa mapu. Koma mvula inakumba chigwembe pamenepo, ndipo ngolo zinayamba kuzungulira kummawa kwa mtengo. Tsono malire akatsata njira yakale, mkuyu ukanagwera kwa a Mbewe. Akatsata yatsopano, ukanatsala kwa a Sakala. Ndipo panali mphekesera yakuti pomwe pali sikelo, boma lidzamangapo chipatala cha njerwa. Khansala ndani angalole chipatala kumupulumuka chifukwa cha mapazi a ng'ombe?

Zimene zinatsatira mukanaziona mukanaseka, koma ife sitinkaseka. Anthu a a Mbewe anatuta miyala kukwirira chigwembe, n'kuyamba kuyendetsa ngolo zopanda katundu pa njira yakale, kupita ndi kubwerera, kuti ioneke yamoyo. Anthu a apongozi anga anadula minga ndi zipika n'kuzigwetsa panjirayo, iwonso n'kumayendetsa ngolo zawo kummawa. A kummawa anabwezera pokumba maenje mu njira yatsopano. Inali nthawi yotuta chimanga, koma chimanga chinagona m'minda, ng'ombe zikuzungulira mtengo. Mkulu wina anati ng'ombe zake zaonda chifukwa cha ndale chikhalirecho sizinavotepo.

Sikelo ya mu Julaye ndi imene inaonongeka. Bambo anu ankabwerako pa tchuthi kamodzi pachaka, ndipo nthawi imeneyi ine ndinali ndi pakati potopa. Nditangopachika sikelo, anyamata a chipani a mbali zonse anafika, aliyense akuti amayi a tsidya linalo achoke pamalo pawo. Anayamba kukankhana, wina anagwetsa ndowa ya madzi owiritsa, amayi anakwapatira ana n'kuthawa. Galimoto itafika, Sisita anapeza ine ndekha ndikutola makapu. Katemera amene anabwera naye m'bokosi la ayezi anabwerera naye, ndipo wina anaonongeka panjira. Sindinawaonepo atakwiya chotero, chifukwa tsiku limenelo analankhula motsitsa.

"Naphiri, dizilo wa galimoto iyi timachita kupempha ngati mchere. Mwezi wa mawa ndibwera pano pa Mkuyu, chifukwa ndi pamene boma likudziwa. Ndikapeza ndewu, kapena ndikapeza palibe sikelo, ndikanena kuti atseke. Akatseka, inunso ntchito palibe. Mwamva?"

Ndinagwedeza mutu.

"Osagwedeza mutu, yankhani."

"Ndamva, Sisita."

Apongozi anga ataona kuti mtengo ungawapulumuke, anaganiza zina. Anamangitsa chisakasa cha udzu pabwalo lawo, mkati mwenimweni mwa wadi yawo, n'kulengeza kuti kuyambira Ogasiti ana aziyezedwa pamenepo. Madzulo ena anaitana aNatembo, ine nditagwada kuseri kwa nkhokwe.

"Muwauze apongozi anga kuti sikelo ndi chitsulo chija, si mtengo ayi. Kumene kuli chitsulo, galimoto idzatsatira. Abweretse kuno."

ANatembo anatembenukira kwa ine. "Mwamva zimene anena bambo anu?"

Ndinanong'ona kuti Sisita anati galimoto idzaima pa Mkuyu pokha, komanso amayi a kummawa amuna awo sangawalole kubwera pabwalo la a Sakala.

"Akuti amva," anatero aNatembo.

Patapita masiku ochepa matenda anandiyamba, ndipo iwe Esinati unabadwa m'nyumba mwanga, aNatembo ndi azamba a m'mudzi akundithandiza. Sikelo inali pansi pa bedi pomwe ndinkaisunga nthawi zonse. Tsono nyumba ya mwana wakhanda ndi chikuta, ndipo mchombo usanagwe mwamuna salowamo. Komanso mwamuna amene akukhala malo amodzi ndi mkazi wake timati ndi wotentha, ndipo akayandikira khanda limene silinatengedwe kumphasa, mwambo woliteteza umene makolo ake amachita patapita miyezi ingapo, khandalo limadwala tsempho, limatupa n'kufooka. Ku chipatala Sisita ankati kutupako ndi kuchepa kwa chakudya. Ine ndinkamva zonse ziwiri, ndipo sindinkatsutsa aliyense. Koma m'midzi mwathu panalibe mwamuna wofuna kuti dzina lake litchulidwe pa matenda a mwana.

Apongozi anatuma anyamata a chipani kuti adzatenge sikelo. Ndinawamva ali panja. ANatembo anakhala pakhomo atatambalitsa miyendo, akusenda nyemba.

"Odi, amayi. Atituma a khansala, akuti titenge katundu wa boma."

"Lowani, ali pansi pa bedi."

Palibe analowa.

"Lowani, nanga! Iwe Adamsoni, si iwe unakwatira mwezi wathawu? Yamba ndiwe. Koma mwana akatupa, dzina lako ndalisunga."

"Mungotitulutsirako, amayi."

"Ine msana wanga sulola kuwerama. Komanso chinthu chimene chagona m'chikuta sichituluka mwini chikuta asanatuluke. Amayi ako sanakuuze?"

Lamulo lomalizali sindinalimvepo kwina kulikonse, ndipo ndikukhulupirira kuti linabadwa tsiku lomwelo pakati pa makoko a nyemba. Anyamata aja anabwerera chimanjamanja. Mchombo wako unagwa, tinakumeta, tinakumangira mankhwala m'chiuno, ndipo ine ndinatuluka m'chikuta kutatsala tsiku limodzi kuti sikelo ichitike. Madzulo ake uthenga unabwera kudzera mwa aNatembo: chisakasa chasesedwa, a khansala aitana anthu, mawa adzandidikira.

Lachinayi lija

Ndiye ndinaima pamphambano paja. Ndinkaganiza za bambo anu amene anali kutali, osadziwa kanthu. Ndinkaganiza zoti apongozi akhoza kunditumiza kwathu ndi ana awiri. Ndinkaganizanso za ana a kummawa amene ndinkawayendera, makamaka kamtsikana kena kamene makilo ake anali atayamba kukwera. Kumbuyo kwanga ndinamva mapazi. Anali aNatembo, atasenza ndowa yanga ya madzi. Anaitula pansi, n'kuyamba kutikita m'maso.

"Fumbi la Ogasiti ili," anatero. "Maso anga lero sakuona bwino. Munthu atalowera uku kapena uku, ine sindingadziwe."

Ndinalowera kumanzere. Nditayenda pang'ono ndinacheuka, ndipo ndinaona aNatembo akubwera m'mbuyo mwanga ndi ndowa ija, maso awo odwalawo ali pansi.

Pa Mkuyu panalibe munthu pansi pa mtengo. Amayi analipo, koma anaima patali m'magulu, a kummawa uko, a kumadzulo uku, akudikira kuona ngati kukhale ndewu. Amuna a a Mbewe anakhala pa ngolo zawo m'njira yakale. Ndinasesa, ndinakoleza moto, ndinapachika sikelo panthambi. Palibe anasuntha. Ndinafuna kuitana koma mawu anakana. Posakhalitsa ndinaona fumbi kumtunda: apongozi anga akubwera ndi jekete lawo, anyamata ali pambuyo, atamva kuti ndawatembenukira. Amuna a a Mbewe anatsika pa ngolo.

Musaganize kuti ndinali ndi nzeru ina. Ndinkangofuna chochita kuti ndisayang'ane anthu. Mwana yekhayo amene anali pafupi unali iwe. Ndinakumasula, ndinakukulunga mu nsalu chifukwa kabudula anali wamkulu, ndinamanga mfundo n'kukupachika pa ngowe. Muvi unanjenjemera n'kuima. Ndipo pakamwa panga panachita zimene panazolowera.

"Makilo atatu ndi theka!"

Mawuwo anamveka mpaka kumatchire. Anyamata amene anali patsogolo anaima ngati aona njoka. Chitsulo chimene anadzera chinali chitanyamula khanda la masiku ochepa, mdzukulu wa khansala yemwe, losatengedwa kumphasa. ANatembo anakhala pansi pafupi ndi ine n'kuyang'ana anyamatawo mmodzimmodzi, maso atachira. Kenako mayi wina wa kummawa, amene nayenso anali ndi khanda la mwezi umodzi, anadutsa amuna a kwawo akuona n'kudzakhala pamphasa. Wina anatsatira. Posakhalitsa pansi pa mtengo panadzaza, a makanda atakhala kunja kwa bwalo ngati mpanda. Amuna onse anabwerera m'mbuyo, a Sakala ndi anthu awo m'njira ya kummawa imene ankaimenyera, a Mbewe ndi awo m'njira ya kumadzulo, aliyense ataima kutali ndi kwawo. Ankatukwanizana modumphitsa mtengo.

"A Sakala! Nanga chisakasa chija muyezeramo nkhuku?"

"Inu a Mbewe, kambani ndi ng'ombe zanu, ndi zimene zikukudziwani. Anthu sanakusankheni!"

"Akulu inu, mukudzidzimutsa ana," anatero mayi wina, ndipo amayi onse anaseka. Ine ndinkangoyeza, aNatembo akundipatsira ana.

Galimoto inamveka dzuwa litakwera. Chifukwa cha kusowa kwa dizilo, tsiku limenelo Sisita anakwera limodzi ndi a Mumba, bwana wa ku boma amene anatumidwa kudzaona za malirewo. Amuna onse anatembenukira kumsewu, chifukwa aliyense ankafuna kuona njira imene galimoto ya boma idzadutse. Ikadutsa kummawa, a Sakala apambana. Ikadutsa kumadzulo, a Mbewe. Dalaivala anafika pomwe njira zimasiyana, anatulutsa mutu, anaona minga ndi zipika uku, maenje uko, n'kuzimitsa injini pomwepo.

"Matayala awa kulibe ena," anatero. "Tsikani muyende."

Sisita anabwera ndi bokosi lake la ayezi, anayang'ana amayi, anayang'ana amuna ali kutali, anandiyang'ana ine.

"Inu, si mwachira dzana lomweli? Khalani pansi musanandigwere." Kenako anatsegula bokosi. "Amene ayezedwa kale abwere kuno."

A Mumba anali munthu wa kumpoto, wolankhula Chinyanja cha m'tauni. Anatambasula mapu ake pa boneti, mphepo ikuwakupiza. Anayenda njira yakale mpaka minga inagwira thalauzi lake. Anayenda yatsopano n'kutsala pang'ono kuthyoka mwendo m'dzenje. Akuluakulu awiri aja ankamutsatira, aliyense akulankhula m'khutu lake.

"Manje imwe, njira ni iti apa? Pa mapu pali imozi, pansi pali ziwiri, ndipo zonse munthu sangapitepo."

"Yeniyeni ndi iyi, bwana, ya makolo."

"Ya makolo inafa, bwana. Njira ndi imene ikuyendedwa."

A Mumba anafuna kufunsa ine, poti ndinali wantchito wa khonsolo wokhala pamalopo. Anayamba kubwera kumtengo, koma amayi anakuwa onse pamodzi kuti aime pomwepo. Anaima, mwendo uli m'mwamba, osamvetsa. Sisita anamufotokozera mwachidule, n'kuwonjezera kuti ngakhale atafika, mayiyu sangalankhule apongozi ake ali pomwepo. A Mumba anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Amuna sangafike pa mtengo, mboni singakambe, njira imayenda yeka. Nanga ine nizalemba chani?"

"Lembani kuti sikelo yachitika," anatero Sisita. "Zinazo n'zanu. Koma galimoto sichoka mpaka mwana womaliza abayidwe."

Ndiye bwana uja anakhala pa mwala padzuwa mpaka masana, pakati pa anthu awiri osalankhulana, akumvera ana akulira. Pochoka anangonena kuti malire oyenda ndi ng'ombe sangawasainire, ndipo akanena kuti afune china chosasuntha. A Mbewe anati ndiye kuti apambana. A Sakala anatinso chimodzimodzi. Sisita anatseka bokosi lake lopanda kanthu, nandipatsa chidutswa cha sopo chimene anandisungira.

"Mwezi wa mawa, Lachinayi lachiwiri," anatero. "Ndipo mudye, mwaonda."

Galimoto itapita ndinakhala pa muzu wa mkuyu, misozi ikungotuluka yokha. Ntchito inalipo.

Zaka zotsatira

Malire enieni anabwera patapita miyezi yambiri. Anawaika pa kamtsinje ka kumadzulo, ndipo mkuyu unagwera kwa a Mbewe. Pofika nthawiyo mvula inali itafafaniza njira zonse ziwiri, ndipo ngolo zinali zitapeza yachitatu. Chipatala cha njerwa sichinamangidwe pamenepo. Sikelo inapitirira, amayi akubwera kuchokera m'mawadi onse awiri, ndipo makhansala onse awiri ankanena pamisonkhano kuti ndi yawo. Ine ndinagwira pa Mkuyu mpaka 1986, pamene bambo anu anabwerera ndipo anandisamutsira ku Vubwi. Kumeneko ndinayeza ana a amayi ochokera ku Malawi ndi othawa nkhondo ku Mozambiki, ndipo sindinafunsepo mayi kuti wadutsa malire angati. Za ku Vubwi n'zambiri, koma si za mutu uno.

Lachisanu, 14 Ogasiti 1981

Madzulo a Lachinayi lija apongozi anga sanatume mawu alionse, ndipo kukhala chete kwawo kunandiopsa kuposa kukalipa. M'mawa mwake ndinalawira kuchitsime, ndinatunga madzi monga ndinkachitira masiku onse, n'kupita nawo kunyumba kwawo. Ndinagwada kuseri kwa nkhokwe. Iwo anali pampando wawo pakhonde, akuwotha dzuwa, opanda jekete. ANatembo ankasesa pabwalo, ndipo chisakasa chija chinali chiimire, mbuzi zitagonamo. Kenako apongozi anatsokomola.

"Muwafunse apongozi anga. Mwana wa boma uja, anati makilo angati?"

"Simunamve? Anamva ndi a ku Sinda omwe," anatero aNatembo.

"Ndati muwafunse."

Ndinanong'ona kuti atatu ndi theka. ANatembo anabwereza.

"Nanga mdzukulu wa a Mbewe, amene anabwera naye mkazi wa mwana wawo uja?"

Ndinati asanu ndi awiri, koma uja ndi wamkulu, ali ndi miyezi isanu. ANatembo anafikitsa makilo okha, za miyezi anasiya.

Apongozi anawomba pa bondo. "Asanu ndi awiri! Ndiye tikhale pano tikuonerera? Muwauze apongozi anga kuti nkhuku yathadzi yofiira ija aphe, adye okha. Mtedza uli m'nkhokwe yaing'ono asapemphe, azingotenga. Mwezi wa mawa ndikufuna kumva nambala ina. Mtengo atenge, koma pa ana asatipitirire."

"Mwamva zimene anena bambo anu?"

Ndinawomba m'manja mwaulemu, mutu uli pansi kuti asaone kuti ndikumwetulira. Ndinathira madzi mumtsuko wawo, ndinatenga ndowa yanga n'kubwerera kunyumba. Iwe unali usanadzuke. Ndinatenga sopo wa Sisita, ndinachapa makabudula onse a sikelo, ndinawayanika pa mpanda, kenako ndinapita kukathamangitsa nkhuku.